Jini la Pansi pa Chishalo

Pa siteji yathu ya kabaza ku Chiponde, munthu akangoyambitsa nkhani ya chamba ndinkalalikira kuposa shehe. Wa chamba amaseka yekha n'kumaliza beseni la mandasi. Wa kachasu amagona m'ngalande nsapato zitapita. Wa manyuchi a chifuwa amayankhula ngati wadzuka kumene. Onsewa ndinkawatcha otayika. Ine ndinkangomwa mankhwala, ndipo ndinkadziuza kuti mankhwala si haramu.

Zinayamba nditagwa ndi njinga yamoto pa msewu wa ku Namwera, nditasenzetsa matumba a nandolo opitirira muyeso. Msana unakana kuwongoka. Mnzanga wina anandipatsa timakapusozi ta tramadol togula kutsidya kwa malire. Ululu unatha, kutopa kunatha, ngakhale mantha pokhota anatha. Msana unapola, koma ine sindinasiye. Tiwiri tinasanduka tinayi, kenako ndinaleka kuwerenga. Ndinkatibisa pansi pa chishalo, m'jumbo ya masipanala.

Ramadhani ndiyo inandivula. Njala ndi ludzu sizinandivute, ndinazizolowera kuyambira ubwana. Koma thupi linali litazolowera kapusozi maola angapo alionse, ndiye tomwe ndinameza pa dakwi, chakudya cha m'bandakucha, sitinandifikitse masana. Mphuno zinayamba kuchucha, thukuta lili kamukamu, miyendo osafuna kukhala malo amodzi.

Ndinkakhala ndi amayi, amasiye, odwala shuga, amene achipatala anawaletsa kufunga. Anandikokera kuchipatala kukayezetsa malungo, ndipo sanapezeke.

"Ndimadziwa ine," anatero pobwerera. "Umanyamula aliyense pamalirepo osafunsa kuti ndi ndani. Watola jini."

Tsiku lachitatu anaitana ashehe. Anandiwerengera dua nthawi yaitali, dzanja lili pamutu panga, n'kundiwaza madzi. Atangotuluka, ndinati ndikaone njinga. Ndinatsegula chishalo, dzuwa lili pamutu, n'kumeza makapusozi ndi malovu okha. Posakhalitsa ndinalowa m'nyumba ndikuyenda ngati munthu.

"Alhamdulillah, lachoka!" Amayi anafuula mpaka anthu oyandikana nafe anabwera kudzandiona.

Madzulo ndinadya futari ngati munthu wofunga, ndipo ndinachita chimodzimodzi mawa lake ndi mkuja.

Chimene sindinadziwe n'chakuti amayi anali atachita nadhiri. Analonjeza Mulungu kuti mwana wawo akachira, adzafunga masiku onse otsala a mweziwo. Nditazindikira kuti sakudya masana, ndinawakalipira za shuga wawo.

"Ndinalonjeza Mulungu, sindinalonjeze adokotala," anandiyankha. "Iye wachita mbali yake."

Pamenepo mpamene ndikanaulula. Ndinaopa manyazi, ndipo mpaka lero ndimadzida ndikakumbukira.

Anafunga masiku anayi. Tsiku lachisanu anagwa pakhonde akupeta mpunga, lichero uko, iwo uko. Maso anali otseguka koma samandizindikira. Mayi wa nyumba yoyandikana anandithandiza kuwakweza panjinga n'kuwamangirira kumsana kwanga ndi chitenje. Njira yonse mutu wawo unkagunda phewa langa, ndipo anali atakhalira chishalo chomwe chija.

Kuchipatala anawaika diripi. Atatsitsimuka, sanafunse kuti ali kuti. Anayang'ana pawindo, anaona dzuwa, anayang'ana singano pamkono, n'kuyamba kulira kuti aphwanya lonjezo.

Ndinatuluka, ndinakatenga jumbo ija, ndinakhuthulira makapusozi pabedi pawo.

"Amayi, jini lija ndi ili. Silinachoke. Tsiku la ashehe ndinameza izi masana, n'chifukwa chake ndinadzuka. Sindinafunge kuchokera tsiku limenelo."

Ndinayembekezera mbama, ndipo ndinkaifuna. Anatola kapusozi kamodzi, anakayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kuti sunachire?"

"Sindinachire, amayi."

"Basi, nadhiri yanga sinayambe." Anapukuta misozi ndi mpango wawo. "Sindinaphwanye kanthu. Koma Mulungu akudikira, ine ndikudikira, ndipo ndakalamba. Usatichedwetse. Itana adokotala aja, uwauze zimene wandiuzazi ndikumva."

Ndinawaitana. Sanadabwe n'komwe, anati akabaza ngati ine amawaona kawirikawiri. Anandichenjeza kuti kusiya kamodzin'kamodzi n'koopsa, ndizichepetsa pang'onopang'ono iwo akundiyang'anira. Makapusozi ankasunga amayi pamfundo ya chitenje. Ndinasanza, ndinalira ngati mwana, ndinanyoza amayi kawiri, kenako n'kugwada kupepesa. Tsiku lina ndinakagula ena mobisa. Ndinabwera kudzaulula ndekha, tinayambiranso. Pa siteji anzanga ankandiseka kuti shehe wa Chiponde wagwidwa, ndipo sindinawatsutse. Ulaliki wa chamba uja ndinausiya.

Ashehe aja atamva zonse, anauza amayi kuti munthu wodwala ngati iwo asafunge, adyetse osauka m'malo mwake. Amayi anavomera, koma anati mpunga wa osaukawo sautulutsa mpaka aone ndi maso awo kuti ndachira. Thumba linakhala pakona chaka chathunthu, ndipo ndinkalidutsa potuluka ndi polowa.

Ramadhani yotsatira ndinafunga mwezi wonse, pakamwa pouma, chishalo chopanda kanthu. M'mawa wa Idi amayi anandiitana, analoza thumba lija.

"Nyamula, tikagawe," anatero. "Ukwezenso ine, koma ulendo uno usandimange."