Tsiku Limene Apongozi Anatsuka Nyanja

A Lucious Chimbalanga anabadwira ku Tsangano, kwawo kwa mbatata ya kachewere, kumene nsomba imafika itauma kale, ili pa njinga. Anabwera ku South Bend ku Indiana, kutsidya kwa nyanja, ali mnyamata kudzaphunzira za akaunti, ndipo maphunzirowo anawayamba bwino ndithu. Kenaka anapeza ganyu kunyumba yosamalirako okalamba kuti azithandizikirako kwa kanthawi. Kanthawi kameneko anafika nako mpaka ndevu zinachita imvi.

Sanali munthu woipa. Kutchalitchi sankajomba. Pamaliro ankafika oyamba. Galimoto ya mnzawo ikakana kulira m'chisanu, ankadzuka osanyinyirika. Koma anali ndi nthenda imodzi imene Amalawi onse a ku Indiana ankaidziwa: a Lucious ankadziwa kuyamba basi. Anayamba kujambula maukwati, najambula umodzi, ndipo mwana wa eni ukwatiwo anayamba sukulu zithunzizo zisanaoneke. Anagula makina othamangirapo kuti aphwetse mimba, makinawo n'kusanduka poyanika matawulo. Anagula masipika akuluakulu oti aziimbira pa zisangalalo. Zonsezi zinakaunjikana m'galaja, galimoto n'kumagona panja. Pamaso anthu ankawatchula bambo a Joan. Akatembenuka ankati a Chiyambi. Iwo dzinalo ankalidziwa, ndipo linkawadya mumtima kuposa mmene ankaonetsera.

M'chaka cha 2015 kuntchito kwawo kunaikidwa thanki ya galasi ya nsomba za m'nyanja yamchere. A Lucious anaona nkhalamba zolongolola, zokana mankhwala, zitakhala duu pamaso pa thankiyo ngati zili pa ulaliki. Tsiku lina iwonso anadzipeza ataima pomwepo, thireyi ya chakudya cha munthu ikuzizirira m'manja.

Madzulo anauza akazi awo, mayi Upile, amene ndi namwino ndipo salankhula zambiri.

"Mayi a Joan, ndapeza chinthu."

"Galaja yadzaza, bambo."

"Ichi si cha m'galaja. N'cha pabalaza."

"Ndiye kuti nthendayi yalowa m'nyumba tsopano," anatero mayi Upile, napitiriza kusita yunifolomu.

Tinene zoona, ulendo uno a Lucious sanathamange. Anawerenga pafoni mpaka maso kufiira, ndipo mawu amene anali pakamwa pawo anali amodzi: kulimba. Anadziwa kuti thanki ya pulasitiki ndi yopepuka koma imakalika msanga, pamene ya galasi ndi yolemera ngati tchimo koma imakhalitsa. Anadziwanso kuti kathanki kakang'ono madzi ake sachedwa kuonongeka, pamene yaikulu imakhululukira wophunzira. Ankafuna chinthu choti chidzaime pabalaza zaka ndi zaka, aliyense wolowa m'nyumbamo azidzameza dzina lija asanakhale pansi.

Anapita ku Indianapolis kwa mnzawo wa kusekondale, a Jabulani, amene amakhala cha ku Lafayette Road ndipo pakamwa pawo palibe mabuleki. Awiriwo analowa m'sitolo ya nsomba zoweta. Asanafike n'komwe mbali ya zamchere, a Jabulani anaima.

"Aise, izi si zakwathu izi? Mbuna zenizeni! Zinabwera bwanji kuno? Viza anazipatsa ndani?"

Wogulitsa, mzungu waulemu, atamva kuti ndi a ku Malawi anasangalala kwambiri. Anati munthu woyamba kumene amachita bwino kuyamba ndi zimenezi: n'zolimba, madzi ake ndi wamba, sizifa chisawawa. Za m'nyanja yamchere, anatero, zimafuna munthu wopirira.

A Lucious anamva ngati awatukwana.

"Ndiwoloke nyanja zonsezi kudzaweta mbuna?" a Lucious anauza a Jabulani m'Chichewa. "Anthu azidzalowa m'nyumba mwanga n'kumati, ee, izi tinkasambira nazo ku Mangochi?"

"Inu munasambirapo kuti, munthu wa ku Tsangano? M'beseni?"

Anagula thanki ya galasi lochindikala, yoti amuna anayi ananyamula akubuula. Anagula mchere wake wapadera, nyali, ndi pampu. Koma chenicheni chinali miyala. Wogulitsa anaitulutsa m'madzi ili yonyowa, yakuda, yodzaza ndere, ikununkha ngati dambo. Anati dzina lake ndi miyala yamoyo. A Lucious mawu amenewa ankangowamva m'tchalitchi, sankadziwa kuti amagulitsidwanso pa sikelo. Mzunguyo anafotokoza kuti m'timaenje ta miyalayo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timayeretsa madzi, ndipo popanda ito nsomba imafa ndi zoipa zake zomwe. Mwalawo usadzaume, anatero, ndipo usadzaonane ndi sopo. Nsomba zidikire mpaka tizilomboto titachulukana ndipo madzi atakhazikika. Kudikira kumeneko anakutchula m'Chizungu kuti kusaikola, ngati kupalasa njinga, a Lucious n'kukutola.

Choncho pabalaza pa a Chimbalanga panaima thanki yaikulu ya madzi ndi miyala yauve, yopanda nsomba ngakhale imodzi. Pampu inkangolira usana ndi usiku. A Jabulani ankaimba foni sabata iliyonse.

"Akulu, nsomba zija zafika?"

"Ayi, thanki ikusaikola."

"Ikusaikola? Ikupita kuti? Mwaigulira chipewa cha panjinga?"

A Lucious anapirira. M'mawa uliwonse asanapite ku shifiti ankatunga timadzi m'kabotolo, n'kudonthezamo mankhwala, n'kuyang'ana mtundu wake pawindo ngati dokotala. Anadikira chilimwe chonse. Munthu amene sankatha kudikira tiyi kuti azizire anadikira tizilombo tosaoneka. Kenaka pamiyala panayamba kumera timawanga tofiirira, chizindikiro chakuti zinthu zakhazikika. Tsiku limenelo anapempherera chakudya nthawi yaitali mpaka ndiwo zinazizira.

Akanakhala chete zikanawathandiza. Koma pa Sabata lotsatira, anthu akudyera limodzi pambuyo pa mapemphero, a Lucious anagogoda tambula ndi supuni.

"Abale, apongozi anga akubwera kuchokera kumudzi. Sabata limene mudzabwere kudzawalonjera, mudzaona nyanja m'nyumba. Yamchere. Ndi nsomba zake."

Amayi ena anayang'ana m'mbale zawo. Wina kumbuyo anati ameni, koma ameni wake anali wokhota.

Apongoziwo, mayi Sophia, anali mtsogoleri wa amayi a Dorika kwawo ku Makwasa. Anali aafupi, owuma thupi, ndipo chinthu chauve sichinkagona m'nyumba imene iwo agonamo. Atangofika anatsuka mapoto onse a mwana wawo, kuphatikizapo aja akuda chibadwire, mpaka anayera. A Lucious ankawapatsa ulemu wonse wa kwathu. Sankadya nawo patebulo limodzi, ankawalonjera atanyonyomala cha kukhomo, ndipo nkhani iliyonse yoposa moni inkadzera mwa mayi Upile. Mkamwini saimirira pamaso pa apongozi n'kumawaphunzitsa za tizilombo.

"Mayi a Joan, muwafotokozere amayi za miyala ija."

"Ndiwauza."

Ndipo anawauzadi. Anati, "Amayi, miyala iyo ndi ya bambo a Joan. Amaikonda kwambiri." Mayi Sophia anayang'ana miyalayo nthawi yaitali, nagwedeza mutu mwachisoni.

Lachisanu m'mamawa a Lucious ananyamuka kupita ku Indianapolis kukatenga nsomba. Mayi Upile anali atachokera ku shifiti ya usiku ndipo anakagona. Joan anali kusukulu. Kwa anthu osunga Sabata, Lachisanu ndi tsiku lokonzekera: dzuwa lisanalowe, nyumba yonse iyenera kukhala itayera, chifukwa likangolowa palibenso kugwira tsache kapena ndowa.

A Lucious anabwerera dzuwa litapendeka, akuyendetsa pang'onopang'ono ngati anyamula wodwala. Pampando wa pambali, atazimangirira lamba, panali nsomba ziwiri zazing'ono zachikasu chofiirira, za mizere yoyera, m'thumba la pulasitiki la madzi. Njira yonse ankayeserera mmene adzaimire mawa, dzanja limodzi m'thumba, osanena kanthu.

Fungo la jiki linawalandirira pageti. Pamasitepe a khonde, pa saka yoyalidwa bwino, panali miyala yoyera mbee, yondandalikidwa kuyambira waukulu mpaka waung'ono, itauma gwa padzuwa. Pambali pake panali burashi ya waya yotha mano.

Analowa m'nyumba. Thanki inkanyezimira ngati sinagwirepo ntchito. Inali yodzaza madzi oyera a pampopi, ndipo pamwamba pake panali kansalu koluka ndi duwa la pulasitiki. Apongozi anali pamkeka, manja atatupa ndi ntchito, nkhope ikuwala.

A Lucious ananyonyomala cha kukhomo, thumba la nsomba lili kumbuyo.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Ndaswera, bambo, kaya inu." Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo amene anali ataima pakhomo la kukhitchini. "Upile, uwauze bambo kuti miyala yawo ndawakonzera. Inali ndi ndere mpaka m'kati, tizilombo tikuyendayenda. Alendo akanatiseka mawa. Uwauzenso kuti madzi aja anali ataonongeka. Ndinalawa. Anali amchere."

"Mwamva, bambo a Joan?" anatero mayi Upile, akuyang'ana kudenga.

Pakhosi pa a Lucious panadutsa mawu ambiri, ena a m'Chizungu, ena oti munthu wobatizidwa sayenera kuwadziwa. Anayang'ana manja otupawo. Anaomba m'manja mofatsa.

"Muwathokoze amayi. Agwira ntchito yaikulu."

"Si kanthu, bambo. Ndinu mwana wanga. Tiyeni titsegule Sabata, dzuwa lalowa."

Anagwada onse. Mayi Sophia anathokoza Mulungu powapatsa mphamvu pa ukalamba wawo, napempherera mkamwini wawo kuti ntchito za manja ake zizifika pamapeto. Mayi Upile anati ameni momveka bwino.

Ali chigwadire, a Lucious anakumbukira kuti m'galaja muli ndowa ya penti mmene anasungamo miyala ingapo imene inatsala, ili m'madzi amchere ndi kapampu kake. Pemphero litatha anati akukatenga mipando ya alendo. Anapanikizika pakati pa masipika ndi makina othamangirapo, natsanulira nsombazo m'ndowamo. Ngati imeneyi inali ntchito ya pa Sabata, anaganiza, adzakambirana ndi Mwini wake. M'mawa anakasuzumira. Tinsombato tinali moyo, tikuzungulira miyala yakudayo ngati tili kwawo.

Masana a Sabata nyumba inadzaza. Nsapato zinaunjikana pakhomo. A Jabulani anayendetsa galimoto kuchokera ku Indianapolis, akuti sakanalola kungomva. Anthu analonjera apongozi mmodzimmodzi, kenaka maso onse anapita kukhoma. Miyala yoyera inali itabwezeredwa m'thanki, yosanjidwa bwino ngati manda a mzungu.

A Jabulani anawerama, nayang'ana kutsogolo, nayang'ana m'mbali, nagogoda galasi.

"Akulu, nsombazi n'zamanyazi? Kapena nazonso zikusunga Sabata?"

Anthu anaseka.

"Kapena zinasaikola mpaka kubwerera kwawo?"

A Lucious anatsegula pakamwa. Nsomba zinalipo, zamoyo, kuseri kwa chitseko chimodzi chokha. Akanangoti tiyeni mudzaone. Koma kutero kunali kulowetsa mpingo wonse m'galaja, kuudutsitsa pa kamera ya maukwati, pa masipika, pa makina oyanikapo matawulo, kuti ukaone nyanja ili m'ndowa ya penti. Ndipo wina akanafunsa chifukwa chake nsomba zili m'ndowa, yankho lake linali pamkeka pomwepo, litavala duku loyera, likumwetulira alendo. Anatseka pakamwa.

"Zikubwera," anatero.

"Ee, zikubwera," anavomera mayi wina wa kwaya mokoma mtima, ngati akutonthoza wodwala. "Chachikulu mwayamba, bambo."

Mkulu wa mpingo, a Bizwick, amene ankafuna kuphimba manyaziwo, anayamikira ukhondo wa thankiyo. Anati sanaonepo miyala yoyera chotero. Mayi Sophia anaweramitsa mutu modzichepetsa, ndipo amayi onse anawaombera m'manja. Kenaka a Bizwick anapempha mwini nyumba kuti anenepo mawu. A Lucious anaimirira pafupi ndi thanki yawo, nathokoza alendo, nathokoza akazi awo, nathokoza apongozi chifukwa chowasamalira ngati mwana wobala okha. Mawuwo anawalankhula bwino mpaka ena anapukuta misozi.

Alendo akuvala nsapato, mayi Sophia anakodola mwana wawo, nalankhula mokweza kuti mkamwini amve.

"Upile, uwauze bambo asadandaule. Ndaona kuti ina inatsalira m'ndowa m'galajamo, yakuda kuposa ija, mpaka mwagwera tinsomba. Lero ndi Sabata, sindingaigwire. Ndidzaitsuka mawa m'mamawa."

"Mwamva, bambo a Joan?"

"Zikomo, amayi," anatero a Lucious, akuomba m'manja.

Anatuluka panja ngati akuperekeza alendo, naima pamsewu kuyang'ana dzuwa, limene linali likadali pamwamba pa madenga. Anayamba kuganiza kumene munthu angabise ndowa ya madzi amchere yofuna magetsi, m'nyumba imene ngodya iliyonse inali itasesedwa kale. Nthawi inali yochepa. Mayi Sophia amadzuka tambala asanalire, ngakhale m'dziko lopanda tambala.