Tsiku Limene Ndinasambitsa Denga la Sukulu

Lachiwiri masana ndinakwera padenga la kalasi yathu ndi ndowa zinayi za madzi. Musandiyang'ane choncho. Inunso munali m'katimo, thukuta likufufuta zimene mwalemba.

Mukudziwa kuti chiyambire ndeke za nkhondo za kutsidya kwa mtsinje kuuluka pamwamba pathu, a Hedi analamula kuti malata onse apakidwe matope kuti asamanyezimire. Akuti woyendetsa ndeke akasuzumira pansi aziti, "Apa palibe sukulu, ndi chulu chabe chokhala ndi mbendera."

Koma matope ouma saletsa dzuwa la Okutobala. Ndipo si a Tembo, aphunzitsi athu a sayansi, amene anati madzi akamauma amachoka ndi kutentha? Ine ndinangomvera phunziro. Kodi kumvera kwakhala mlandu?

Madzi a ndowa yoyamba atagwera pa malata otentha, malatawo analira ngati mfuti. Kalasi yonse inathamangira kudzenje lobisalamo. A Tembo, amene amatiuza kuti tizituluka mwadongosolo, anatulukira pawindo, choko chili m'manja.

Ali m'dzenjemo anakweza maso. Ndeke kunalibe. Kunali denga loyera mbee, matope atakokoloka, lowala mpaka ku tauni ya Zumbo, ndi ine pamwamba pake.

A Hedi anafika pansi pa makwerero.

"Iwe Zuze, ukufuna kutiphetsa?"

"Iyayi a Hedi, nimafuna chabe tizizidweko."

"Kumanda nako kumazizira. Dzuwa likalowa matope asanabwerere, mayeso a Fomu 3 ukalembera m'bwato la atate ako."

Apo ndinaleka kuseka. Atate safuna ndigwire nkhafi, makamaka masiku ano pamene tsidya la mtsinje lili ndi maso. Ndinaponda matope, ndinasenza, ndinapaka ndi manja mpaka zikhatho zinasupuka. Dzuwa linalowa denga lili chulu monga kale.

Manje tamverani. Pamene ndinkapaka matope onyowawo, m'kalasi munazizira ngati m'mtsuko. Palibe amene anawodzera. Mawa lake matope atauma, moto unabwerera.

Akuluakulu a kuno ku Feira ndimawadabwa. Ndeke imadutsa mwa apo ndi apo, ndipo tinaikumbira dzenje, tinaipakira matope, tinaiyikira belu lakelake. Dzuwa limatiwotcha tsiku ndi tsiku kuchokera ku Mphuka mpaka ku Mburuma, koma munthu akadandaula amangomuyankha kuti, "Ndiye Feira imeneyi." Mdani wobwera ndi phokoso timamuchitira msonkhano. Wobwera mwakachetechete timamuvulira shati.

Lachinayi a Hedi anandiitana. Anati mtima wanga sunalape bwino, choncho chilango chipitirira: masana alionse ndizinyowetsa matope a padenga, pang'onopang'ono, osawakokolola.

"Denga liti, a Hedi?"

Anayang'ana pawindo. "Uyambire la ofesi yanga."

A Tembo nawo anandinong'oneza kuti mbali ya denga ya pamwamba pa tebulo lawo ikuoneka kuti sinalangidwe mokwanira.

Mayeso ndilemba. Masamu a masana sindikuwaonanso, ndimakhala padenga. Tsono inu amene munathawira m'dzenje, ndiuzeni: pasukulu pano walangidwa ndani?