Mchere m'botolo la a Ameliya

Ndinali ndi zaka khumi pamene bambo anabwera kudzanditenga kumudzi kwathu ku Ngauma. Amayi anali atamwalira chaka chapitacho, nthawi yothyola fodya, ndipo ndinkakhala kwa amalume, omwe anali kale ndi ana awo asanu. Bambo anawauza kuti ku Mandimba sukulu ili pafupi, mwana asangothera m'munda. Amalume sanavute. Tinakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, ine nditakumbatira kachikwama momwe munali madiresi awiri ndi nsalu ya amayi, kapulana yobiriwira ya maluwa achikasu. Ndinali ndisanaichapepo chimwalirire eni ake, chifukwa ndinkaopa kuti fungo lawo lichoka.

Njira yonse bambo sanandiuze kuti kunyumba kuli mkazi. Ndinangowapeza pakhonde, munthu wamtali wochepa thupi, manja ali mbuu ndi ufa, zipsera za moto zili ndandanda m'mikono.

"Rozina, awa ndi amayi ako," anatero bambo, maso ali kumbali.

Ndinagwada monga ndinaphunzitsidwira, ndinapereka moni, koma liwu limenelo silinatuluke pakamwa panga. Dzina lawo linali a Ameliya. Kwawo kunali ku Etatara, cha ku Cuamba, ndipo chinenero chawo chinali Chimakua. Chinyanja chawo chinkatsimphina, ndipo ana a m'dera lathu ankawayeserera akapotoloka. Ine ndinkawaitana kuti "inu" basi. Ndikamalankhula ndi anthu ena ndinkati "akazi a bambo".

Bambo ankanyamula anthu panjinga kuchokera kumsika kupita kumalire. A Ameliya ankaphika mkate, umene tonse kuno timati pau. Kuseri kwa nyumba kunali uvuni wa njerwa womata ndi dothi, wooneka ngati chulu. Ophika ena onse ankagula feremento, chotupitsa cha m'timapepala, kusitolo, koma iwo ayi. Chotupitsa chawo chinkakhala m'botolo lagalasi lakukamwa kwakukulu, lophimbidwa ndi kansalu komanga ndi mphira ya chubu cha njinga. Munali phala loyera lochita thovu, lonunkha ngati thobwa logona. M'mawa uliwonse ankatapamo lina n'kusakaniza mu ufa wa tsikulo, kenako ankathiramo ufa wa tirigu wodzaza dzanja ndi madzi ofunda pang'ono, n'kutakasa ndi kamthiko kakekake. Ankati akulidyetsa.

Tsiku lina atandiona ndikusuzumira, anandiuza mbiri yake. Amayi awo ankaphika pau ku Cuamba, ndipo botololo analisunga zaka zambiri. Atadwala matenda omwe anafa nawo, anawaitana n'kuwapatsa. Panalibe munda, panalibe mbuzi, chimene anasiyiridwa chinali chomwecho.

"Ichi n'chachikulu kuposa iwe," anatero akumwetulira. "Sichinagonepo ndi njala ngakhale tsiku limodzi."

Ndinayang'ana kumbali. Koma ndinamva, ndipo ndinasunga.

Zinachitika mwezi wa Juni, nthawi yozizira. Ufa wokanda ukazizidwa sutupa, choncho a Ameliya ankafunditsa beseni ndi nsalu iliyonse yomwe apeza. Tsikulo ndinabwera kuchokera kusukulu masana, ndipo ndinaona beseni lili pakhonde padzuwa, litafunditsidwa ndi kapulana ya amayi. Anali ataipeza pamphasa panga pamene ankasesa. Ndinaivundukula mofulumira. Mbali ina inali itamata ufa. Ndinaiika pamphuno, ndipo inkanunkha chotupitsa chokhachokha. Amayi munalibemo.

Sindinalire, sindinafunse. Ndinabweza nsaluyo pabeseni n'kudikira. Madzulo a Ameliya atasenza dengu la pau kupita kumsika, ndinalowa m'khitchini. Ndinatsitsa botolo lija, ndinamasula mphira, ndinathiramo mchere wonse umene unali m'chitini. Pamoto panali madzi owira, ndinathiramonso. Ndinatakasa ndi kamthiko komweko, ndinamanga kansalu bwinobwino, n'kubweza botolo pamalo pake. Anthu amati mwana sadziwa chimene akuchita. Ine ndinkadziwa. M'nyumba monse muja ndinasankha chinthu chimodzi chimene ndinkadziwa kuti sichigulidwa kulikonse.

M'mawa mwake ndinkasesa pabwalo pamene a Ameliya anatuluka nalo botolo kuti alione poyera. Thovu munalibe. Phala linali litakhala pansi ngati matope, pamwamba pali madzi otuwa. Ananunkhiza. Kenako anaviikamo chala n'kulawa. Anakweza maso n'kundiyang'ana, ine tsache lili m'manja. Sanandiyang'ane mwaukali. Anangondiyang'ana nthawi yaitali, mpaka ndinazolika. Atatero anakhala pansi, padothi penipeni, botolo lili pamiyendo, n'kumalisisita ndi chala chachikulu. Ankalankhula motsitsa m'Chimakua, mawu amene sindinkawamva, koma dzina la amayi awo ndinalimva kawiri.

Bambo anatuluka akukankha njinga.

"Nanga uvuni uli zii bwanji? Lero pau kulibe?"

"Feremento wafa," anatero a Ameliya.

"Wafa bwanji? Zaka zonsezi?" Bambo anatembenukira kwa ine. Ankandidziwa, ndipo nkhope yanga inali itandiulula kale. Anatsamiritsa njinga pakhoma n'kuyamba kumasula lamba. "Rozina, tabwera kuno."

"Musiyeni mwana," a Ameliya anatero osadzuka. "Ndine ndalakwa. Dzulo ndinaiwala botolo pamwamba pa uvuni ukadali wotentha."

Bambo anawakalipira pamaso panga. Anati ndi mkazi wosasamala, amene sangasunge ngakhale phala la m'botolo. A Ameliya anangowerama. Ine ndinaima pomwepo, ndikumva mawu onse amene anayenera kugwera ine akugwera munthu wina, ndipo sindinatsegule pakamwa.

Pobwera kusukulu tsiku limenelo ndinapeza kapulana ija itachapidwa, itapindidwa bwino pamphasa panga. A Ameliya anaima pakhomo la chipinda.

"Ndawafunsa bambo ako za nsaluyi," anatero pang'onopang'ono, akusankha mawu a Chinyanja. "Sindinkadziwa kuti ndi ya amayi ako. Ndikanadziwa sindikanaikhudza. Undikhululukire, mwanawe."

Anadikira pang'ono. Ndikuganiza kuti ankandipatsa mpata. Ine ndinayang'ana khoma, ndipo iwo anatuluka.

Patapita masiku awiri anandiitana kukhitchini. Botolo linali litatsukidwa, lili mbee. Anandipatsa kamthiko kaja m'manja.

"Tiyambe china. Uzichidyetsa ndiwe."

Ndinayembekezera kuti pali mankhwala ena obisika, koma munalowa ufa wa tirigu ndi madzi basi. Madzi ake anati akhale a pachitsime, ofunda ngati mkaka wa m'mawere. Ndinatakasa mpaka linakhala ngati phala la mwana, ndinaphimba, ndipo anandiuza kuti ndiliike pakona posafika mphepo. Ndinafunsa kuti nanga chotupitsacho chichokera kuti. Anati chili kale mu ufamo, changogona, ntchito yathu ndi kuchidzutsa ndi kusachikwiyitsa.

M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkataya theka, n'kuthiramo ufa watsopano ndi madzi. Kutayako kunkandipweteka mtima, chifukwa ufa wa tirigu sunali wosewera nawo. Tsiku lachitatu munatuluka fungo loipa ngati la madzi oviikamo chinangwa. Tsiku lachisanu pamwamba panachita chuku chakuda. A Ameliya anayang'ana, anati nditaye chonse, nditsuke botolo ndi madzi otentha, ndiyambirenso. Sanandidzudzule. Masiku onsewo ankaphika ndi feremento wa kusitolo, ndipo ogula anazindikira. Mayi wina wachiyao wogulitsa nsomba zouma, amene ankatenga pau tsiku lililonse, anawafunsa ndili pomwepo ngati akudwala, chifukwa mkate wawo wasanduka thonje. A Ameliya anangoseka pang'ono. Ena anayamba kugula kwina.

Chachiwiricho chinakhala duu masiku ambiri, ndipo ndinkaganiza kuti nachonso chafa. A Ameliya ankati ndipitirize kudyetsa. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinadzuka n'kupeza kansalu katatukumuka, phala litakwera mpaka kukamwa kwa botolo, timabowo tili ponseponse m'mbali mwa galasi. Ndinathamanga nalo panja ndikufuula, "Inu! Inu! Taonani!" Anasiya nkhuni zomwe ankawaza, ananunkhiza, n'kugwedeza mutu.

Tsiku limenelo sindinapite kusukulu. Anandiphunzitsa kukanda ndi chidendene cha dzanja, kukankha ndi kupinda, mpaka ufa utasiya kumata m'zala. Mchere anandiuza kuti ndithire ndine, nditape katatu ndi zala, ndipo pamene ndinkathira iwo anayang'ana kwina. Tinafunditsa beseni ndi thumba lakale. Tinasonkha moto mu uvuni mpaka njerwa zinayera, tinakokera makala panja, ndipo anawaza ufa pang'ono pansi pake kuti aone ngati ukupserera msanga. Mikate itatuluka inali yofiirira, yong'ambika pamwamba, ndipo inkalira tetete pozizira. Anagogoda umodzi kunsi kwake, unamveka ngati ng'oma yaing'ono. Ananyema, anandipatsa theka. Kunja kunali kolimba, m'kati mofewa, mowawasa pang'ono.

Ndinawayang'ana akutafuna. Ndinafunsa funso limene mpaka lero sindidziwa kuti mtima wolifunsira ndinautenga kuti.

"Kodi ukukoma ngati uja?"

Anameza kaye. "Ayi," anatero. "Uja anapita. Uyu ndi wina. Koma ndi wabwino, Rozina. Uli ndi manja."

Tinakhala limodzi zaka zina zitatu. Ndi iwo amene anandisoka yunifomu itang'ambika, ndi iwo amene anandibereka kumsana kupita kuchipatala malungo atandigwira, ngakhale miyendo yanga inkafika m'mawondo mwawo. Nditakula msinkhu, ndi iwo amene anandikhazika pansi n'kundilangiza. Ine ndinkawathandiza pa uvuni mosanyinyirika, ndipo mumtima ndinkati ntchito yangayo ikulankhula m'malo mwanga. Za mchere uja sitinazitchulepo.

Koma mwana sanabwere m'nyumbamo. Azakhali anga, alongo awo a bambo, ankati akabwera kudzacheza amafunsa mokweza ngati m'nyumba muno mungotupa mikate yokha. Kenako zinamveka kuti bambo apereka mimba kwa mtsikana wina wa kufupi ndi malire. Panalibe ndewu. A Ameliya anamanga katundu wawo m'nsalu ziwiri kuti abwerere kwawo ku Etatara. Anatapa chotupitsa pang'ono n'kuika m'kachitini, ndipo botolo anandisiyira.

Ndinawasenzera mtolo umodzi mpaka pokwerera shapa ya ku Cuamba. Njira yonse ndinkakonza mawu m'mutu. Anali mawu awiri okha, "amayi" ndi "pepani". Titafika, kondakitala anatenga mitolo n'kuimanga pamwamba. A Ameliya anandigwira mapewa onse awiri.

"Usasiye sukulu," anatero. "Ndipo usaiwale kulidyetsa."

Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka chinali chakuti, "Muyende bwino." Shapa inanyamuka, fumbi linatseka msewu.

Botolo ndinalisunga chaka chimodzi. Nditapita kusekondale ku Cuamba panalibe wolidyetsa, ndipo pobwera kutchuthi ndinapeza mkazi watsopano wa bambo akusungiramo shuga. Ku Cuamba ndinakhalako zaka zambiri, pophunzira komanso nditayamba ntchito yauphunzitsi. Magalimoto opita ku Etatara ndinkawaona akudzaza anthu pamsika. Poyamba ndinkati ndipita ndikamaliza sukulu, kuti ndikakhale ndi chowaonetsa. Kenako ndinkati ndikayamba ntchito, kuti ndisapite chimanjamanja. Chaka chilichonse chikadutsa manyazi ankakula, chifukwa tsopano ndinayenera kupepesa mchere ndi kupepesanso zaka zonse zimene ndinakhala chete.

Ndinapita ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, mwana wanga woyamba ali kumsana. Ndinafunsa njira kwa anthu atatu ndisanafike pakhomopo. Kuseri kwa nyumba kunali uvuni, denga lake litagumuka, udzu ukumera pakamwa pake. Anandilandira mayi wina wofanana nawo nkhope, mng'ono wawo. Anandiyalira mphasa, anandipatsa madzi, kenako anandiuza kuti a Ameliya anamwalira miyezi inayi yapitayo, atadwala chifuwa nthawi yaitali.

Atamva dzina langa anagwira pakamwa.

"Ndinu Rozina? Wa ku Mandimba?" Anandiyang'anitsitsa, kenako anayang'ana mwana. "Anthu kuno akamawanena kuti sanabereke, iwo ankayankha kuti ali ndi mwana mmodzi, ali pasukulu. Ife tinkayesa angodzitonthoza."

Anandiperekeza kumanda. Anaima chapatali, ine ndinagwada. Mawu awiri aja ndinawanena mokweza, kangapo, koma amene anawamva ndi mwana wanga yekha, yemwe anadzidzimuka n'kuyamba kulira.

Ndili wamng'ono ndinkayesa kuti m'nyumba muja mwana wamasiye ndinali ndekha. Sindinaone kuti munali ana amasiye awiri, wina wazaka khumi, wina wamkulu, aliyense akugwiritsa kanthu kamodzi kotsala ka amake. Wamkuluyo analakwa mosadziwa ndipo anapepesa dzuwa lisanalowe kawiri. Ine ndinalakwa mwadala, n'kumadikira tsiku limene kupepesa kudzapepuke. Tsiku lotero kulibe. Sindikayika kuti a Ameliya anandikhululukira kalekale, ndipo chimene chimandiwawa si kuopa kuti anapita ndi mkwiyo. Chimandiwawa n'chakuti munthu amene ankauza mudzi wonse kuti ali ndi mwana anakhala zaka khumi ndi zinayi osamuona mwanayo akulowa pabwalo pake, pamene ine ndinali ulendo wa theka la tsiku basi.