Kapu ya Thanki ya a Tcheya

Ku Zingwangwa kunali amakaniko ambiri m'zaka za m'ma 1970, koma wogwira ntchito ndi mphuno anali mmodzi yekha, Che Majidi. Anzake ankamvetsera injini ndi khutu, ena ankangosintha mapulagi n'kumapemphera. Iye ayi. Galimoto ikafika pansi pa mtengo wa mango pomwe panali galaja yake, ankayamba waizungulira kawiri, manja kumbuyo, mphuno patsogolo ngati munthu wogula nsomba pamsika. Akaima n'kuloza, vuto linkakhala pomwepo.

Ntchitoyi anaiphunzira ku Limbe pa malole a mmwenye wina, komwe anakhala zaka khumi ndi ziwiri mpaka tsiku lomwe anauza bwanayo, makasitomala akumva, kuti lole yake sikudwala ayi, ikungofa ndi umbombo wa mwini wake. Ntchito inathera pomwepo. Pakamwa pa Che Majidi panalibe buleki. Fodya sankasuta, ndipo anthu ankati ndi Chisilamu, koma iye ankati akusunga chipangizo. Chimfine chikamugwira, galaja ankatseka.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, panafika galimoto yakuda yaitali ikukankhidwa. Inali nkhalamba, yopangidwa dziko lisanalandire ufulu, yosiyidwa ndi mzungu wina wa kumunda wa tiyi. Mwini wake tsopano anali a Venansio, tcheyamani wa chipani m'deralo, munthu amene akakupatsa moni unkayamba wagwira m'thumba kuona ngati khadi ya chipani ilimo.

"Che Majidi," anatero a Venansio akupukuta thukuta, "galimotoyi ikundichititsa manyazi. M'katimu fungo la petulo lokhalokha, amayi a chipani ndikawanyamula kupita kukavina amatsika ali chizungulire. Ndikayenda mamailosi asanu, yazima. Amakaniko atatu asintha pampu, atsuka kabuleta, palibe. Loweruka ndikunyamula mlendo wamkulu wochokera kulikulu. Ikakazima pamsewu, ndidzadziwa kuti alipo amene sakufuna kuti msonkhano uchitike."

Mawu omalizawo Che Majidi anawamva bwinobwino.

Anatsekula boneti. Kabuleta youma, mapaipi ouma. Anagona pansi n'kutsata paipi ya mafuta mpaka kumbuyo, osapeza dontho. Atatsekula buti, fungo linamumenya mpaka misozi. Pamwamba pa thanki, gasiketi, kamphira kotchinga kuti petulo asadonthe, inali yonyowa, koma yosang'ambika. Inatupira kunja, kusonyeza kuti chinachake chinkaikankha kuchokera m'kati. Anapita pa kapu ya thanki, chitsekerero cha pothirira petulo, n'kuipotokola pang'ono. Inalira kuti psiii, kwa nthawi yaitali.

Basi, nkhani inathera pomwepo. Kapu ya galimoto zakalezi imakhala ndi kabowo kakang'ono ngati ka singano. Petulo akamatsika, mpweya umalowera pamenepo, ndipo dzuwa likatentha, mpweya wa petulo umatulukira pomwepo. Katsekeni kabowoko muone. Pamsewu pampu imakoka mpaka kulephera, galimoto n'kuzima. Ikaima padzuwa, thanki imafufuma n'kulavulira petulo m'buti. Ndipo kabowo ka a Venansio kanali kotsekeka ndithu, chifukwa pamwamba pa kapuyo panali patamatidwa baji yachitsulo ya chipani, tambala wakuda atatukula khosi, guluu atasefukira m'mbali monse.

Inali ntchito ya mphindi imodzi. Sikuludiraiva anali nayo kale m'manja, nsonga yake itatsala pang'ono kulowa pansi pa baji.

"Mwaiona?" anatero a Venansio kumbuyo kwake, mawu odzaza ndi kunyada. "Ndinamata ndekha imeneyo. Aliyense wothira petulo azidziwa kuti akuthira m'galimoto ya ndani."

Che Majidi anakumbukira telala wina wa ku Ndirande amene anagwetsa baji ngati yomweyo m'ngalande n'kuseka. Zaka zitatu zinali zitapita chimutengereni, makina ake osokera adakali kwa mlamu wake. Tsono iye aitokose bajiyo ndi chitsulo, mwina n'kuikanda, kenako anene pagulu kuti tambala ndi amene akutsamwitsa galimoto? Mantha anamugwira, mantha enieni, amene sanawamvepo ngakhale tsiku lomwe jeke inaterereka iye ali pansi pa lole. Sikuludiraiva ija anakandira nayo kuseri kwa khutu.

"Mwapeza chiyani?" anafunsa a Venansio.

"A Tcheya," anatero Che Majidi pang'onopang'ono, "vuto ndi azungu amene anapanga thankiyi. Sanaisiyire potulukira mpweya."

"Atsamunda!" anafuula a Venansio, nkhope ikuwala. "Ndinadziwa ine!"

Ntchito ya mphindi imodzi inatenga masiku atatu. Anatsitsa thanki, kuitsuka ndi madzi a sopo kanayi kuti isamuphulikire, kuboola pakhosi pake, n'kuwotchererapo kapaipi kamkuwa komwe anakapinda mwaluso kukatulukira kunsi kwa madigadi. Gasiketi anadula yatsopano. Inali ntchito yokongola kwambiri pa moyo wake wonse, ndipo inamunyansa. Kapu ija sanayerekeze kuisiya m'galaja momwe mumagwa zinthu. Anaikulunga m'kansalu koyera n'kukaiika m'nyumba pamwamba pa kabati, nayonso ilandire ulemu wake.

Loweruka galimoto inayenda ngati yatsopano. Pamsonkhano a Venansio anasimba momwe atsamunda ankapangira dala mathanki opanda bowo kuti Mmalawi akadzagula galimoto azikankha, ndi momwe mwana wa dziko lino wawatulukira. Anthu anawomba m'manja, amayi nthungululu. Posakhalitsa akuluakulu ena a chipani ku Bangwe ndi ku Chilomoni anasirira kapu ya a Venansio n'kumata mabaji pa makapu awo. Pakatha sabata, galimoto zawo zinkafika pansi pa mango zikukankhidwa, zonse zikudwala matenda a atsamunda. Che Majidi anasiya kuzizungulira. Ankangosuzumira pa kapu n'kukatenga paipi yamkuwa.

Mkazi wake, mayi Safiya, anali atakhala naye zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo matenda a galimoto iliyonse ya m'Zingwangwa ankawadziwa chifukwa mwamunayo sankatha kusunga kanthu. Kapu ija anaipukuta fumbi yekha masiku atatu aja, ndipo anaitembenuza n'kuona kabowo kodzaza guluu. Anadikira milungu ingapo kuti mwina bamboyo anena yekha, aseke limodzi monga mwa kale. Madzulo ena akusankha mpunga pakhonde, anafunsa motsitsa mawu, akumuitana ndi dzina la mwana wawo woyamba.

"Bambo a Asia, kodi galimoto ya a Tcheya ija kwenikweni inali ndi chiyani?"

Che Majidi anayang'ana kumpanda. Kuseri kwake mayi wa nyumba yoyandikana ankachotsa zovala pachingwe, mosafulumira. Anayang'ananso mkazi wake, amene anam'balira ana asanu ndipo sanatulutsepo mawu ake kunja.

"Ndi azungu," anatero. "Sanaisiyire potulukira mpweya."

Mayi Safiya anamuyang'ana nthawi yaitali, chisoni chili poyera. Kenako anaweramira m'lichero.

"Anthu oipa kwabasi," anatero mokweza, kuti kuseri kwa mpanda kumveke.