Matalala a m'chitini

Mdzukulu wanga Yamikani walembedwa ntchito yosewera hoke, mpira wa ndodo wa pa ayezi, kuno ku Sheffield. Tsiku limene ndinakamuonerera, kuzizira kwa m'bwalomo kunandibwezera kwathu ku Dedza.

Ndili kamtsikana, kunagwa matalala. Ndinatola odzaza chitini, zala zikuwawa, n'kukabisa pansi pa nkhokwe kuti ndidzawaonetse abambo akadzabwera kuchokera ku Joni. M'mawa ndinapeza madzi okhaokha. Ndinakawagwira nsalu achemwali anga.

"Mwadya ndinu, bwezani."

"Eya, ndadya. Anali okoma," anatero akuseka. Ndinawanyanyala sabata yathunthu.

Masewera atatha ndinamufunsa Yamikani, "Iwe, ayezi yenseyu amamulondera ndani?"

"Palibe, agogo. Amakhalapo chaka chonse."

Abambo sanawaone matalala anga aja. Akanaona chidzukulu chawo chikuthamanga pa ayezi wosasungunuka, bwenzi atavula chipewa.