Kiyi Amapita ndi Mwini Wake

Bambo atamwalira anatisiyira shedi ya njerwa kumapeto kwa lokeshoni ya Amaveni ku Kwekwe. Anaigula atawachotsa ntchito ku fakitale yazitsulo ya ku Redcliff, poganiza kuti aziwotchereramo mafelemu a mawindo. Koma zaka zimenezo panalibe amene ankamanga nyumba, choncho shedi ija inangokhala, makoswe n'kumachitiramo misonkhano.

Nzeru yoti tizisungiramo anthu katundu inabwera ndi amayi. Tsiku lina kunafika mnzawo wa kutchalitchi wochokera ku Rutendo, atamutulutsa m'nyumba ya kampani. Anali ndi bedi, kabati ndi sitovu pa kagalimoto kaganyu, koma kopita nazo kunalibe. Anzathu a Chishona zinthu zikathina ankakweza katundu pa basi n'kupita kumusha, kumudzi kwawo. Ife zidzukulu za anthu amene anachoka ku Malawi kudzakumba migodi, mudzi wathu tinkangoumva m'nkhani za makolo. Kunalibe khonde la agogo loti tikaunjikepo kabati. Amayi anamutsegulira shedi mnzawoyo, ndipo sabata isanathe kunabwera enanso.

Achimwene anga anagawa shediyo ndi malata akale, n'kupanga tizipinda, kalikonse ndi chitseko chake. Atamaliza, amayi anatikhazika pansi awirife.

“Iyi ndi kampani ya anthu atatu,” anatero. “Ine, iwe, ndi uyu wa masukuluyu. Hapana bwana pano.”

“Ko uyu abweretsa chiyani, amayi?” achimwene anafunsa akundiloza ndi mlomo. “Mabuku?”

“Abweretsa pakamwa pake.”

Sanalakwitse. Ndinabadwa wa pakamwa pakuthwa, ndipo pa ntchito ngati imeneyi pamafunika munthu wotha kunena kuti ayi osaphethira.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzira zamalonda pa koleji ina ku Gweru. Lachisanu, kombi, kapena kuti minibasi, ikapezeka ndi mafuta, ndinkabwerera ku Kwekwe kudzakhala pa shedi. Ku koleji ankatiphunzitsa kuika mitengo kuchokera m'buku la dziko lina, kumene ndalama imagona n'kudzuka ili yomweyo. Kwathu ndalama ukailandira m'mawa, pofika madzulo inali yongoyenera kukulungira fodya. Ndiye tinasiya kuilandira. Munthu ankalipira ndi sopo, shuga, ufa kapena botolo la mafuta ophikira, ndipo ankalipira asanatseke chitseko, chifukwa fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ndinaphunzira kukweza katundu pa njerwa kuopa chiswe, ndiponso kukana matumba a chimanga ngakhale mwini wake alire bwanji, chifukwa ankaitana makoswe a lokeshoni yonse. Mwamuna wobwera yekha ndi filiji ali thukuta kamukamu ndinkamufunsa ngati akazi ake akudziwa. Funso limeneli ndinaliphunzira mayi wina atabwera ndi mpini wa khasu kudzafuna filiji yake.

Lamulo limene ndinkalinyadira kwambiri ndinalipanga ndekha. Loko azibwera naye mwini katundu, atseke yekha, kiyi apite naye. Tikatero palibe amene akanadzatiloza chala kuti tamubera supuni.

Anthu athu onse ankatsanzika mofanana. Kwathu munthu akamatuluka amati “ndikubwera”, ngakhale akungopita kuseri kwa nyumba. Tsopano mawu omwewo ankawanena anthu olowera ku Joni ndi ku Botswana, chikwama chili kumsana. Mawuwo sankandiuza kanthu. Pang'onopang'ono ndinazindikira kuti zoona zake zinali pa kiyi.

Amene ankafunadi kubwerera anali ovuta. Ankayang'ana kudenga n'kufunsa ngati sikudontha, ankaphimba kabati ndi nsalu, akatseka ankagwedeza loko mpaka ine kupsa mtima. Koma panali ena amene akatseka ankangomuyang'ana kiyi uja m'manja. Woyamba anali nkhalamba ina imene inakalambira pansi pa mgodi. Inasungitsa njinga ndi bokosi lachitsulo, inati ikupita kwa mwana wake ku Bulawayo.

“Kiyi amapita ndi mwini wake, agogo,” ndinatero.

“Aikona, mwanangu. Lo kiyi ndi wolemera. Sunga iwe, ine ndingamutaye panjira.”

Ndinalephera kukangana ndi imvi. Ndinamupachika pa msomali kuseri kwa chitseko chachikulu. Kenako kunabwera wina, n'kubweranso wina, aliyense ndi chifukwa chake chomveka, mpaka msomali uja unadzaza. Mwa onse amene makiyi awo anali pa msomaliwo, palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerera.

Ndinakawauza amayi monyada, ngati mwana amene wakhoza mayeso. Anali pa makina awo osokera.

“Amayi, ndatulukira chinthu chimene mulibe m'mabuku. Munthu akasiya kiyi, ameneyo sabwera.”

“Zoona?” anatero, maso ali pa singano.

Achimwene ndiwo anayamba kupita, kulowera ku Joni. Analibe katundu woti asungitse, anangonyamula chikwama n'kusiya jekete yawo pa mpando. Amayi anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma ananena akupukuta m'maso. Kampani ya atatu inatsala ya awiri.

Chaka chimenecho chinandiwawa. Ku koleji mipando inkangotsala yopanda anthu, aphunzitsi nawonso ankasowa mmodzimmodzi osatsanzika. Mtsikana amene ndinkagona naye chipinda chimodzi anapita kutchuthi osabweranso, n'kundisiyira beseni lake. Ndikafika ku shedi ndinkakhala pa mpando pakhomo tsiku lonse, kumbuyo kwanga kuli nyumba za anthu zopindapinda. Munkanunkha matiresi otsekeredwa ndi mankhwala a njenjete. M'kachipinda kena munali wotchi yapakhoma imene mwini wake anaiwala kuchotsa mabatire, ndipo inkalira ola lililonse. Ndinkaitukwana. Tsiku limene inasiya kulira ndinapezeka ndikulira ineyo, chifukwa ndiyo yokha inkandilankhula masana.

Kenako achimwene anatumiza uthenga. Mkazi amene anakwatira kumeneko anali atabereka, ndipo kunapezeka ntchito yosamalira gogo wina wodwala, yoyenera munthu wamkulu ngati amayi. Tinabweza nyumba imene tinkachita lendi. Ine ndinati ndizigona ku koleji, ndipo ndikabwera ndizigona m'kachipinda ka kutsogolo kwa shedi kamene tinkati ofesi. Katundu wathu anapita m'chipinda chakumapeto.

Tsiku lolongedzalo maso anga anali pa amayi ngati mmene ndinkachitira ndi kasitomala aliyense. Anayala njerwa pansi. Anaphimba makina osokera ndi chitenje. Anayang'ana kudenga n'kunena kuti lata lapakonalo silikuwasangalatsa. Mtima wanga unakhala pansi, ndinati awa akubwera. Atatsala pang'ono kumaliza anandituma kukagula buledi wa paulendo, ndipo pobwera ndinawapeza atatuluka kale, akundidikira pa geti ndi chikwama chawo. Tinanyamukira pomwepo kupita kokwerera mabasi.

Basi inali itadzaza, kondakitala akukuwa ngati wina wamuponda. Amayi anakweza chikwama, n'kutembenuka, n'kupisa m'thumba la juzi.

“Gwira,” anatero.

Anali kiyi wa chipinda chakumapeto. Ndinabweza manja kumbuyo.

“Ayi.”

“Gwira iwe, ndingamutaye pa malire a Beitbridge. Unoziva mmene kumakhalira kumeneko.”

“Mawu amenewo ndawamva kwa anthu ambiri, amayi. Kiyi amapita ndi mwini wake. Ndi lamulo la kampani, ndipo inu munavomera.”

“Iwe mwana, usandichititse manyazi pa anthu.”

“Manyazi achite okha. Simundisiyira kiyi ine.”

Anthu a pa mawindo anayamba kusuzumira. Ndinalanda kiyi uja, n'kugwira ngodya ya chitenje chimene anavala, n'kumumangirira mfundo yolimba. Amayi anangoima n'kundilola, ngati mmene mwana amaimira akamamuveka. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

“Zvakanaka, chabwino,” anatero motsitsa. “Ndikubwera.”

Basi itachoka ndinabwerera wapansi, ndikudzitama mumtima kuti ndawagonjetsa. Ndinalowa m'shedi n'kuyenda mpaka kumapeto, basi kungofuna kuima pafupi ndi zinthu zathu. Loko anali lendelende pa chitseko, wosatseka.

Poyamba ndinkaganiza kuti aiwala. Koma amayi anga sankaiwala ngakhale kuphimba mchere. Ndinakankha chitseko. Nthawi imene ndinali kogula buledi ija anali atasinthanso zonse. Mabulangete athu aakulu anali pamwamba, pafupi ndi khomo. Pambali pake anaika sitovu ya palafini, kapoto kakang'ono, mbale imodzi ndi kapu imodzi. Makina osokera anawakokera kutsogolo, ndipo kachitini ka singano kanali pamwamba pake. Sanalongedze ngati munthu wosungitsa. Analongedza kuti wina azitengamo mosavuta, ndipo winayo anali ine. Ankadziwa zimene ndinawauza zija, ankadziwanso mwana amene anabereka, choncho anakonzeratu kuti kaya ndilandire kiyi kaya ndikane, zikhale chimodzimodzi.

Ndinaima pamenepo mpaka miyendo kutopa. Ndinakwiya, ndipo pansi pa mkwiyowo ndinali ndi mantha ngati mwana wosochera pamsika. Sindinatenge ngakhale supuni. Ndinakoka chitseko, n'kugwira loko uja, n'kumufinya. Loko safuna kiyi potseka. Anangoti khwa, pamene kiyi wake anali pa basi yolowera kumwera.

Kuzizira kwa mwezi wa Juni kwathu sikuchita nthabwala, ndipo m'shedi ya malata kumalowa mpaka m'mafupa. Ndinkagona nditavala jekete ya achimwene, kumapazi nditakulunga makatani. Mabulangete anali kuseri kwa lata limodzi lokha.

Loweruka lina masana mayi wa pa kagolosale kapafupi anandiitana kuti pali foni yanga. Anali amayi. Mawu awo ankamveka bwino, ngati ali m'chipinda chinachi. Anandifunsa za sukulu, za makasitomala, za lata lapakona lija.

“Ndamva kuti kwazizira kumeneko,” anatero. “Mabulangete aja watenga?”

“Chipinda n'chotseka, amayi.”

“Ndinasiya chosatseka.”

“Ndinatseka. Kiyi muli naye ndinu.”

Kumbuyo kwawo ndinkamva khanda likulira, wina akulitonthoza m'chilankhulo chimene sindinkachidziwa. Ndinadikira kuti andikalipire, kapena atchule mwezi, ngakhale wabodza.

“Dula lokoyo, mwanangu,” anatero. “Sowo ya bambo ako ili kuseri kwa chitseko chachikulu.”

Ndinabwerera ku shedi n'kukayang'ana. Sowo inalipodi, itapachikidwa pansi pa msomali wa makiyi uja. Ndinaisiya pomwepo, n'kuvala jekete.