Kababu ka M'thumba la a Eustace

A Eustace a pa Petauke anakulila pansi pa boneti. Alutaneta za motoka zakale ankazidziwa kuposa ana awo. Ankayamba akoka lamba, kenaka injini ikulila ankagunditsa sikuludilaiva kumbuyo kwa alutaneta kuti amve ngati ikukoka chitsulo. Ikapanda kukoka, ankadziwa kuti mabulashi a m'kati mwake atha, ndipo batile siikutchajidwa. Manja anali odala ndithu, koma mtima unachita dzimbili kalekale. Ukawalakwila, ankakusungila kumtima mpaka tsiku lako lifike.

Amene ankamusungila kwambili anali Cosmas, mlimi wa matimati wa ku Nyampande, amene anakwatila mwana wawo Misozi iwo asakufuna. Ati mwana wa othawa nkhondo a ku Mozambique angakhale bwanji mkamwini wa makaniko!

Tsiku lina Cosmas anabwela ndi kavani kake kothaitha, kanyali kofiila ka batile kakuyaka pa dashibodi.

"Apongozi, kandivuta aka. Sikazima."

A Eustace anagunditsa sikuludilaiva, osakoka. Mabulashi anali atatha, ndipo atsopano anali m'kabati momwemo. Koma iwo anauza mkamwiniyo kuti apite kukamwa tiyi. Cosmas atachoka, a Eustace anapisa dzanja kuseli kwa dashibodi, n'kuzula kababu ka kanyali kaja, n'kuponya m'thumba la ovolosi. Batile anaitchajako pang'ono kuti motoka ilile.

"Onani, kazima. Yendani bwino."

Mumtima ankaseka. Batile ikathele panjila, matimati aole, dziko lione mwamuna amene Misozi anasankha.

Koma m'mawa mwake kavani sikananyamule matimati. Mimba ya Misozi inayamba kuwawa masiku asanakwane, ndipo Cosmas anamugoneka kumbuyo kuthamangila kuchipatala. Pakati pa tchile, dzuwa lili paliwombo, injini inatsokomola n'kuzima. Anapotoza kiyi, anakankha, analila, motoka ili zii. Pamene ngolo ya ng'ombe inawafikitsa kuchipatala, mwana anali atafela m'mimba. Misozi anapulumukila mkamwa mwa imfa.

A Eustace atafika kukazonda, anapeza Cosmas pakhonde, maso ali psuu. Mkamwiniyo anagwada, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Apongozi, musadandaule, imwe munakonza bwino. Ndenze kuyang'ana njila yonse, kanyali sikanayake olo kamodzi. Mwina ndine n'nalakwitsa penapake."

Dzanja la a Eustace linali m'thumba, litafumbata kababu kaja, mpaka kanasweka n'kuwalasa m'chikhatho.